Mwamata tepi pa kalaiti ka Check Engine? Petulo ikuthela pamenepo, mudala

Mukakwela taxi kuchoka mu Town kupita ku Matero, Chawama olo Mtendere, yang'anani pa dashibodi ya ba draiva. Nthawi zambili muzaona katepi kakuda kapena kasitika ka timu ya bola komatiwa pakona. Kuseli kwake kuli kalaiti kachikasu kooneka ngati injini, kamene kakhala kakuyaka kwa miyezi. Mukafunsa, yankho ndi imodzimodzi: "Ah, ni kalaiti chabe, mudala. Motoka iyenda mushe."

Zoona, iyenda. Koma ngati na imwe muli ndi ka Vitz, Corolla, RunX kapena Allion kanu ndipo munachita chimodzimodzi, welengani mpaka pansi. Chimodzi mwa zinthu zimene zimayatsa kalaiti aka kawilikawili ndi oxygen sensor, kachitsulo kotalika ngati chala komangiwa pa paipi ya exhaust. Sensa iyi ikafa, motoka siima pa msewu. Imangoyamba kukudyelani ndalama pang'onopang'ono, nthawi iliyonse mukaima pa filling station.

Nchito yake ni chani?

Injini ya petulo imafuna mpweya ndi petulo zosakaniza pa mulingo wake: magawo 14.7 a mpweya pa gawo 1 la petulo, tikapima kulemela. Sensa imanunkhiza utsi wochoka mu injini kuti ione oxygen yotsalamo. Ikapeza yambili, ndiye kuti petulo yachepa. Ikapeza yochepa, petulo yachuluka. Uthenga uyu umapita ku kompyuta ya motoka, ija ba makanika bamati ECU, ndipo kompyuta imachepetsa olo kuonjezela petulo nthawi yomweyo. Pa masensa a mtundu wakale uthengawo ndi kamagetsi kamene kamakwela ndi kutsika mosalekeza pakati pa 0.1 ndi 0.9 volts.

Si chinthu cha manjemanje. Kampani ya Bosch ndiyo inaipanga, ndipo inayamba kuikiwa mu motoka za Volvo mu 1976. Kuti igwile nchito ifunika kupya kufika pa madigili pafupifupi 300, n'chifukwa chake zambili zili ndi kahita mukati. Ngati yanu ili ndi mawaya 4, awili ndi a hita.

Sensa ikafa, kompyuta imakhala ngati munthu wophika nsima pa load shedding alibe tochi. Saona mu poto, amangoonjezela unga mongoganizila. Nayo kompyuta imathila petulo mongoganizila, ndipo nthawi zambili imathila yopitilila.

Motoka zambili za masilinda 4 zili ndi masensa awili. Sensor 1 ili pafupi ndi injini, utsi usanafike pa catalytic converter, ndipo ndiyo imalamulila petulo. Sensor 2 ili kumbuyo kwa catalytic, nchito yake yaikulu ndi kuona ngati catalytic ikuyeletsa utsi. Injini ya V6, monga ya Mark X, ili ndi masensa 4, awili mbali iliyonse.

Tiyeni tiwelenge ndalama

Zizindikilo ndi izi: geji ya petulo kutsika mwamsanga, motoka kunjenjemela pa maloboti, kuchedwa kunyamuka mukaponda, mwaye wakuda kumapeto kwa exhaust, mapulagi kuda, ndi kafungo ngati ka mazila oola.

Tengani chitsanzo. Tinene kuti motoka yanu inali kuyenda makilomita 14 pa lita, manje iyenda 11. Ngati mumayenda makilomita 150 pa tsiku, ndiye kuti mukutaya malita pafupifupi 3 tsiku lililonse. Pa masiku 26 a nchito ndi malita 76, pamene thanki ya Corolla imalowa 50 chabe. Chulukitsani malita awo ndi mtengo umene ba ERB balengeza mwezi uno, muzaona mweka. Ngati muyendetsa ya ba bosi, cashing siitsika chifukwa sensa yafa. Ndalama iyo ichoka pa ndiwo za ana anu.

Vuto siithela apo. Petulo yosapya bwino imakapsela mu catalytic, imaitenthetsa mpaka kusungunula kapena kutseka tumabowo twa mukati. Catalytic ili ndi platinum, palladium ndi rhodium, ndiye mtengo wake umapitilila wa sensa kutali maningi. Ndipo kumbukilani ichi: kalaiti kakayamba kuthwanima m'malo moyaka chabe, injini ikumisa. Pakani pambali, musakakamize.

Musathamangile kugula

Apa ndi pamene ambili amatayila ndalama kachiwili. Wina amva chabe kuti "ni sensa", athamangila ku mashopu a masipeya, agula, aika, pakapita masiku awili kalaiti kayakanso.

Yambani ndi kuika motoka pa mashini. Pulagi yake ili ndi mapini 16, kunsi kwa dashibodi mbali ya draiva. Motoka zina zakale za ex-Japan zimakana tumashini twa tchipa, ndiye funsani ba auto electrician ngati yawo imawelenga motoka za ku Japan. Code ikatuluka ijambuleni pa foni basanaifute.

P0130 mpaka P0135 ndi za Sensor 1, P0136 mpaka P0141 ndi za Sensor 2. P0135 ndi P0141 zikamba za hita. P0171 itanthauza kuti petulo yachepa, P0172 kuti yachuluka. P0420 ikamba za catalytic.

Manje mvetsetsani: code imaloza pamene pamveka vuto, siinena kuti sensa ndiyo yafa. Code ya hita ingabwele chifukwa cha fyuzi yopsa, waya wodyewa ndi makoswe, olo waya wokhudza exhaust n'kusungunuka. Ba makanika bapime hita ndi multimeter. Ngati magetsi sakudutsamo, apo ndiye yafadi. P0171 nthawi zambili imachokela ku paipi ya mpweya yong'ambika, airflow sensor yakuda ndi fumbi, kapena exhaust yoboola pafupi ndi sensa. Ndi mahampu ndi mapothole a mu komboni nthawi ya mvula, exhaust kuboola si nkhani. Pamenepo sensa ikukamba zoona, wolakwa ndi wina.

Ikatuluka P0420, funsani funso limodzi: kodi catalytic ikalimo? Pali motoka zambili zimene zikuyenda ndi chigoba chabe, zamukati zinachotsewa kale n'kugulitsiwa. Ngati ndi choncho, olo mugule sensa zingati, code iyo izabwelabe.

Pogula tsegulani maso

Pitani ku shopu ndi chassis number, dzina la injini monga 1NZ-FE, ndi sensa yakale m'manja ngati mungathe. Pa Toyota, manambala oyamba ndi 89465 ndi a oxygen sensor wamba, oyamba ndi 89467 ndi a air-fuel ratio sensor, imene imakhala kutsogolo pa motoka zambili zatsopanoko. Zimafanana maonekedwe, zimamangika pa bowo imodzimodzi, koma sizigwila nchito mofanana. Mukasinthanitsa, kompyuta imasokonezeka.

Maina odziwika ndi Denso, NTK ndi Bosch, koma za gong'a nazo zimabwela mu mabokosi olembewa maina omwewo. Mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani. Pemphani lisiti, ndipo mumvane kuti ikakana muzabweza. Ya second hand ingakupulumutseni mwezi ukakhala pakati, koma simudziwa kuti inayenda makilomita angati. Sensa zambili zimayamba ulesi zikapitilila makilomita 100,000, ndipo motoka zathu zambili zimalowa pa Nakonde zitayenda kale.

Pali zina za universal zimene mumadula mawaya n'kulumikiza ku pulagi yakale. Chenjelani ndi mitundu. Pa Denso, akuda awili ndi a hita, wa buluu ndi wa uthenga. Pa Bosch, oyela awili ndiwo a hita, wakuda ndi wa uthenga. Kulumikiza "wakuda ku wakuda" ndi kutaya ndalama. Ngati thumba ilola, tengani yobwela ndi pulagi yake.

Kusintha kwake

Ulusi ukakhala bwino, si nchito ya tsiku lonse. Lizani injini pang'ono kuti exhaust ifunde, chifukwa ikafunda sensa imamasuka mosavuta, koma musaigwile ikali yopya. Zimitsani, chotsani kiyi. Ngati mufunika kungena kunsi, ikani motoka pa masitandi. Jeke yeka olo mabuloko si zodalila, moyo ndi umodzi.

Yambani mwachotsa pulagi ya mawaya kuti asapotoke. Thilani WD-40 pa ulusi, dikilani mphindi 10 kapena 15. Masulani ndi soketi ya 22mm, ija yong'ambika pambali kuti waya adutse. Ikakana, thilaninso, bwezelani pang'ono, masulaninso. Osaikapo paipi yaitali n'kudumphilapo, muzadya ulusi, ndiye nchito ya soketi izasanduka ya ba welder.

Yatsopano iyelekezeni ndi yakale: pulagi, kutalika kwa waya, nambala. Zambili zimabwela ndi mafuta ake opaka kale pa ulusi. Nsonga yake musaipake chilichonse, musaigwetse, ndaba mukati muli kadongo kosachedwa kusweka. Yambani kumanga ndi manja mpaka ikhale, ndiye mumalizitse ndi soketi, pafupifupi 40 Nm ngati pali torque wrench. Bwezelani waya mu tumakilipu twake, kutali ndi exhaust. Pomaliza futani code ndi mashini, yendani masiku angapo, muone ngati kalaiti kabwelela.

Ba makanika bena bazakuuzani kuti "tizaisuka chabe na petulo". Kutsuka kumachotsa mwaye wa kunja, koma hita yopsa olo sensa yotha mukati siiuka ndi bulashi. Benanso bamachotsa babu ya kalaiti. Ngati mugula motoka kwa munthu, tsegulani kiyi musanalize injini: kalaiti ka Check Engine kafunika kuyaka, ndiye kazime injini ikalila. Kakapanda kuyaka, pali amene anakagwilako.

Funsani chimene chinaipha

Yang'anani nsonga ya yakale musanaitaye. Mwaye wakuda maningi utanthauza kuti petulo inali kuchuluka. Ikakhala yoyela ngati choko, ganizilani silicone imene ena amapaka pa magasketi, kapena coolant yolowa mu injini. Injini yodya oilo, ija yotulutsa utsi wa buluu, nayo imapha sensa. Mukapanda kukonza gwelo, yatsopano izafa imfa imodzimodzi, ndipo muzanena kuti ba shopu banakugulitsani gong'a.

Sabata ino chitani ichi. Dzazani thanki, ikani trip pa zero, yendani monga mwa masiku onse, dzazaninso, ndiye mugawe makilomita ndi malita. Lembani nambala iyo. Mukakonza, pimaninso. Ngati motoka ndi ya ba bosi, musapite ndi mau chabe akuti "idya maningi". Baonetseni chithunzi cha code ndi manambala anu, mubauzenso mtengo wa catalytic. Ndipo katepi kaja kamatuleni lelo, chifukwa tsiku lina kalaiti kazayakila vuto yaikulu, imwe osakaona.