Moyo wonse pa bwalo limodzi: ojambula mandala a ku Kathmandu

Kuyambira cha m'ma 2015, pamene mabuku a akuluakulu opakamo mitundu anatchuka ku Ulaya ndi ku America, zithunzi zozungulira zotchedwa mandala (osati a m'maso aja ayi) zafika paliponse. Zili pa malaya, pa zikwama, pa zikuto za mafoni, ndipo ena amazidinda pakhungu. Pafoni pali timapulogalamu toti munthu angokhudza ndi chala, kabokosi kadzaze kofiira kapena kobiriwira, chithunzi n'kutha tiyi asanazizire. Kutchuka kumeneku kwautsa mkangano wakale kuchigwa cha Kathmandu ku Nepal, kumene anthu ambiri amadyera ntchito yojambula zithunzi za Chibuda. Funso lake ndi ili: munthu amene watha moyo wake wonse akujambula chithunzi chimodzimodzicho, motsata miyeso imene sanaipange yekha ndipo saloledwa kuisintha, ndi katswiri wa luso kapena ndi wokopera wa dzanja labwino chabe? Yankho loyenera n'lakuti ndi katswiri, ngakhale kuti otsutsa ali ndi mfundo zosati n'kungozikankhira kumbali.

Kuseri kwa stupa ya ku Boudha, chulu choyera chija chokhala ndi maso ojambulidwa mbali zonse zinayi, kuli tinjira topapatiza todzaza ndi sitolo za zithunzi. Derali linakula kwambiri anthu a ku Tibet atayamba kuthawira ku Nepal mu 1959. Pamwamba pa sitolo ina, m'kachipinda ka zenera limodzi, mumakhala bambo wina wa mtundu wa Atamang, imvi mbuu, magalasi ake omangirira ndi kachingwe. Anatsika kumapiri ali mnyamata kudzaphunzira ntchito kwa mkulu wina, ndipo zaka zoyamba burashi ankangoiona ndi maso. Yake inali ntchito yopera miyala ya utoto, yotenthetsa guluu wa chikopa, yokoka nsalu ya thonje ndi zingwe pa felemu mpaka ikhale nga. Mpaka lero ntchito yokonza nsaluyi sapatsa wina. Nsaluyo amaipaka choko chosakaniza ndi guluu, n'kuiyanika, n'kuinyowetsa pang'ono, kenako n'kuipukuta ndi mwala wosalala kutsogolo ndi kumbuyo, kubwereza mpaka ulusi wa thonje usamvekenso pachala. Akatero amatenga chingwe chopaka fumbi la utoto, n'kuchikoka kuchokera pangodya ina kufika pa inzake, n'kuchilasa pansalu kuti chisiye mzere. Pamene mizere yakumana ndipo pakati, ndipo china chilichonse chimayezedwa kuchokera pamenepo.

Chimene amajambula ndi nyumba yachifumu yooneka ngati munthu akuiyang'ana ali kumwamba. Kunja kwenikweni kuli bwalo la malawi a moto, m'kati mwake bwalo la zizindikiro zopatulika zotchedwa vajra, kenako bwalo la masamba a duwa la lotus. M'mandala ena, makamaka a milungu yaukali, mumakhalanso manda asanu ndi atatu, ndi ankhandwe, miimba ndi mitembo yakeyo. M'kati mwa mabwalowa ndimo muli nyumba ya ngodya zinayi ndi zipata zinayi, mwini nyumba ali pakati. Bamboyu amakhala pansi atapinda miyendo, felemu atatsamiritsa pakhoma, timbale ta utoto tili pambali pa bondo. Buluu wake ndi mwala wa azurite, wobiriwira ndi malachite, wofiira ndi cinnabar, wachikasu ndi orpiment. Iwiri yomalizayi ndi poizoni, wina uli ndi mercury, wina arsenic, koma iye amasongolabe nsonga ya burashi ndi milomo monga anachitira mphunzitsi wake. Amayamba ndi utoto wa buluu ndi wobiriwira, kenako mitundu ina. Mthunzi saupaka ndi dzanja limodzi lalitali ayi, amadontheza timadontho tosawerengeka ndi burashi youma, moti kachigawo ka thambo kosaposa chikhatho kakhoza kumudyera tsiku lathunthu. Golide amabwera kumapeto, n'kukwechedwa ndi kamwala kosongoka kuti awale. Maso a milungu ndiwo omaliza. Dzuwa likapendeka iye amatsuka maburashi, chifukwa kuwala kwa babu kumanamiza mitundu. Mandala a Kalachakra, amene amati ali ndi milungu 722, amamutengera miyezi yambirimbiri, ndipo akamaliza salembapo dzina lake. Kumbuyo kwa nsalu kumalembedwa zilembo zitatu zopatulika, ndipo mwini chithunzi amapita nacho kwa lama, mtsogoleri wachipembedzo, kuti akachidalitse.

Otsutsa, ambiri mwa iwo anthu ophunzira zojambula kusukulu zamakono, amati apa palibe chimene bamboyu walenga. Kutalika kwa khoma, kukula kwa chipata, mtundu wa mbali iliyonse, chiwerengero cha manja a mulungu ndi chimene dzanja lililonse lagwira, zonse zinalembedwa kale m'mabuku. M'mandala ambiri kummwera kumakhala chikasu, kumadzulo kufiira, kumpoto kubiriwira, ndipo wojambula sanganene kuti lero ndakonda zofiirira. Zimenezi n'zoona. Koma ngati malamulo akanakhala kuti amatseka njira zonse, mandala a zaka chikwi akanakhala ofanana, ndipo sali choncho m'pang'ono pomwe. Amene anafika ku Japan kuchokera ku China mu 806 ndi a ngodya zinayi, ena ogawidwa m'mabokosi asanu ndi anayi. A pamakoma a ku Alchi ku Ladakh, a cha m'ma 1200, ali ndi nkhope ndi zovala za kalembedwe ka ku Kashmir. Amene amisiri a Chinewari ochokera ku Kathmandu komweko anajambulira amonke a ku Tibet m'zaka za m'ma 1400 ndi ofiira piriwiri, odzaza ndi timizere topotana mpaka osasiya malo opumira. M'zaka zomwezo kunabuka kajambulidwe ka Menri, kamene kanabwereka mapiri, mitambo ndi mitsinje kwa ojambula a ku China, ndipo m'zaka za m'ma 1500 kunadza Karma Gadri, kokonda utoto wopepuka ndi malo otakasuka. Kusiyana konseku sikunachokere m'malemba okha. Anasintha ndi manja ndi maso a anthu amene ankawatsata, ndipo kusintha kotere sikuchokera kwa okopera.

Malemba amanena kuti chipata chikhale chachikulu motani, koma sanena kuti lawi la moto lipindike bwanji, kuti kufiira kuzame mpaka pati kusanayambe kumeza buluu woyandikana naye, kapena kuti m'ngodya zinayi za nsalu, kunja kwa bwalo, mukhale mitambo yotani. Sanena kulemera kwa mzere. Pamenepa ndi pamene pagona luso lonse, ndipo odziwa akaika zithunzi ziwiri za mandala amodzimodzi pambali, sachedwa kuloza chimene chili ndi moyo ndi chimene chinangodzazidwa utoto. Kwathu kuno kaimbidwe ka ng'oma za gule n'kodziwika ndi mudzi wonse, palibe amakasintha, komabe anthu ali kutali amadziwa amene wagwira mbalule lero, ndipo palibe anganene kuti woimbayo ndi wokopera chifukwa anapeza nyimbo ilipo kale. Vuto la otsutsa n'lakuti amayeza luso ndi muyeso umodzi, wakuti chinthu chikhale chachilendo. Muyeso umenewo uli ndi ntchito yake, koma ndi wa posachedwa, ndipo tikaugwiritsa ntchito paliponse tiyenera kuchotsanso m'gulu la akatswiri ojambula zithunzi za m'matchalitchi a ku Ethiopia ndi ku Russia, amenenso ankatsata zimene anasiyiridwa.

Ena amadandaula za dzina. Amati munthu amene sasaina ntchito yake wadzifafaniza yekha, ndiye luso lopanda mwini n'lotani? Maganizo awa ali ndi mbiri yake. Kumayiko a azungu mandala anatchuka kudzera mwa dokotala wina wa maganizo wa ku Switzerland, amene chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ankajambula mabwalo ake ndi kulimbikitsa odwala ake kutero, ponena kuti bwalolo limaonetsa za mumtima mwa wojambula. Mabuku opakamo mitundu aja ndi zidzukulu za ganizo limenelo. Koma kwa Abuda a ku Himalaya chithunzichi chili ndi ntchito ina. Ndi mapu a wosinkhasinkha, amene amaloweza chipata ndi chipata, chipinda ndi chipinda, kuti akatsinzina amange nyumba yonseyo m'mutu mwake. Mapu akalakwika munthu amasochera, n'chifukwa chake wojambula sangaike za mumtima mwake pamene payenera kukhala khomo. Ndiponso kusasaina sikunabise aliyense. Amonke ndi ogula akale ankadziwa bwino lomwe kuti dzanja labwino lili pakhomo pa yani, ophunzira ankatchula mphunzitsi wawo ndi mphunzitsi wa mphunzitsiyo, ndipo mayina a oyambitsa Menri ndi Karma Gadri akukumbukikabe mpaka lero.

Mfundo yolemera kwambiri ya otsutsa ndi ya ndalama, ndipo iyi siyankhika msanga. Amati nkhani ya kudzipereka kwa moyo wonse ndi nyambo chabe yokolera alendo odzaona malo. Umboni ali nawo. M'sitolo zambiri za ku Boudha, Thamel ndi Bhaktapur muli zithunzi zopakidwa utoto wa m'mabotolo, zojambulidwa pa mizere yochita kudinda, wina akupaka thambo lokha, wina malawi okha, wina nkhope zokha, kuti katundu atuluke mwachangu. Zina amazifukiza utsi kuti zioneke zakale. Zina zili ndi milungu yogwira zinthu zolakwika, moti lama sangazilandire. Pamakomo ambiri palembedwa kuti ndi sukulu, pamene m'kati muli achinyamata olipidwa pa chidutswa chimene amaliza. Zonsezi zilipodi, ndipo amene amalankhula ngati kuti wojambula aliyense wa ku Kathmandu ndi woyera mtima akunama.

Komabe kulipidwa pakokha si chachilendo. Ojambula akale nawo ankadya thukuta lawo. Banja likafedwa, kapena wina akadwala, kapena nyumba ya amonke ikafuna zithunzi zatsopano, ankaitana mmisiri, n'kumudyetsa, n'kumulipira. Ngakhale kugawana ntchito n'kwakale: mkulu ankajambula mizere ndi nkhope, ophunzira n'kumadzaza mitundu. Chimene chasintha ndi dongosolo la zinthu. Kale wofuna chithunzi ankayamba kubwera, n'kunena chimene akufuna ndi chifukwa chake, ntchito n'kuyamba pambuyo. Lero chithunzi chimayamba kujambulidwa, n'kupachikidwa kudikira aliyense wodutsa, ndipo wodutsayo nthawi zambiri satha kusiyanitsa cha miyezi isanu ndi cha masiku asanu. Wogula akalephera kuona kusiyana, salipira kusiyanako, ndipo wojambula wosamala ndiye amaluza. Choncho chimene chikudya lusoli ndi liwiro. Malamulo amene otsutsa amawada aja ndiwo akuletsa bambo wa ku Boudha uja kuthamanga nawo, pakuti munthu amene amakhulupirira kuti khomo lolakwika lisocheretsa wopemphera sangadumphe mzere kuti amalize Lachisanu. Tinganene kuti chikhulupiriro chake sitigwirizana nacho, koma sitinganene kuti ndi nyambo, chifukwa chimamudyera ndalama m'malo momubweretsera.

Zaka zaposachedwa zinayesa zimenezi poyera. Chivomezi cha pa 25 April 2015 chinapha anthu pafupifupi 9,000, chinawononga nsonga ya stupa ya ku Boudha, ndipo alendo anachepa. Stupayo inatsegulidwanso chakumapeto kwa 2016, malonda n'kuyamba kudzuka, kenako mliri wa 2020 unatseka malire. Msika wodalira alendo ukagwa chonchi, woyamba kusowa chochita ndi amene amadziwa kupaka thambo lokha. Amene amatha kuyamba ndi nsalu yoyera mpaka kufika pa maso amakhalabe ndi amonke ndi mabanja ofuna chithunzi cha mwambo, ngakhale ndalama yake ndi yochepa. Pali achinyamata ena a ku Nepal ndi ku Tibet amene anaphunzira miyeso yonse kenako n'kuiphwanya dala, kuika zizindikiro za makampani kapena zidole pamene panayenera kukhala milungu, ndipo zithunzi zawo zimaonetsedwa ku London ndi ku New York. Ali ndi ufulu wotero, ndipo zina mwa ntchito zawo n'zamphamvu. Koma mphamvu yake imachokera pa lamulo limene akuliphwanyalo, ndiye iwowa sangakhale mboni za otsutsa.

Chodabwitsa n'chakuti foni yomwe ija, imene inachepetsa mandala kukhala masewera a chala, yalowanso m'kachipinda ka pamwamba. Ophunzira a bamboyu amatsegula zithunzi za mandala a m'ma 1400 osungidwa m'nyumba zoonetsera zakale ku America ndi ku Ulaya, n'kuzikulitsa ndi zala ziwiri mpaka kuona kumene burashi ya mmisiri wa Chinewari inatembenukira. Mphunzitsi wawo anakula akungomva za zithunzi zimenezo, ndipo zambiri akuzionera koyamba pafoni za ana amene amamuperera utoto.