Uchi m'Mankhwala a Makolo a ku India: Pomwe Umathandiza ndi Pomwe Uli Woopsa

Ku India uchi wakhala ukugwiritsidwa ntchito ngati mankhwala kuyambira kalekale. Mu Ayurveda, yomwe ndi njira ya makolo yochizira matenda m'dzikolo, uchi umatchedwa madhu. Mabuku awiri akuluakulu a Ayurveda, Charaka Samhita ndi Sushruta Samhita, amaufotokoza mwatsatanetsatane: loyambalo limatchula mitundu 4 ya uchi, pamene lachiwirilo limatchula mitundu 8. Njirayi idakali yamphamvu mpaka lero, moti m'chaka cha 2014 boma la India linakhazikitsa unduna wa AYUSH woyang'anira mankhwala a makolo. Kodi kafukufuku wamakono akuti chiyani za malangizo akalewa?

Momwe Ayurveda imagwiritsira ntchito uchi

Choyamba, uchi amaupaka pamabala ndi pazilonda zamoto, nthawi zina atausakaniza ndi ghee, mafuta oyenga kuchokera ku batala. Chachiwiri, amaupereka kwa wodwala chifuwa ndi zilonda zakukhosi. Chachitatu, amautenga ngati chonyamulira mankhwala ena: ufa wa zitsamba, monga Sitopaladi wa chifuwa, umasakanizidwa ndi uchi kuti wodwala anyambite.

Palinso zoletsa. Mabukuwa amati uchi usaphikidwe kapena kutenthetsedwa, ndiponso usadyedwe pamodzi ndi ghee pa mlingo wofanana.

Chifukwa chake umathandiza pabala

Pafupifupi magawo 80 pa 100 aliwonse a uchi ndi shuga, ndipo madzi ake sapitirira kwenikweni magawo 20. Shuga wochulukayu amakoka madzi m'mabakiteriya, iwo n'kulephera kuswana. Uchi ulinso ndi asidi. pH yake imakhala pakati pa 3.2 ndi 4.5. Kuwonjezera apo, njuchi zimathiramo enzyme yotchedwa glucose oxidase. Uchi ukasungunuka ndi madzi otuluka pabala, enzyme imeneyi imatulutsa hydrogen peroxide pang'onopang'ono, yomwe imapha tizilombo. Kutentha kumawononga enzyme yomweyi. Apa lamulo lakale lija loletsa kuphika uchi likumveka, ngakhale palibe umboni woti uchi wothira mu tiyi umasanduka poizoni.

Zomwe kafukufuku wapeza

M'chaka cha 1991, dokotala wa maopaleshoni M. Subrahmanyam wa ku Solapur, m'chigawo cha Maharashtra, anafalitsa zotsatira za odwala 104 a zilonda zamoto zosazama. Omwe anapakidwa uchi anachira msanga kuposa omwe anapakidwa silver sulfadiazine. Koma mu 1999 dokotala yemweyo anapeza kuti pazilonda zozama, kuchotsa msanga khungu lakufa ndi kuikapo khungu lina kumapambana uchi.

Ku Malawi nakonso, kafukufuku wa pachipatala cha Beit CURE ku Blantyre, yemwe anafalitsidwa mu 2007, anayerekeza uchi ndi shuga pamabala a odwala 40. Uchi unaoneka kuti umachepetsa mabakiteriya kuposa shuga.

Bungwe la Cochrane litaunika akafukufuku 26 mu 2015, linapeza kuti zilonda zamoto zosazama zimapola masiku 4 kapena 5 msanga ndi uchi poyerekeza ndi zomangira mabala za masiku onse. Pazilonda zam'miyendo za mgonagona umboni sunali wokwanira. Mu 2018 bungwe lomweli linapeza kuti kwa ana opitirira chaka chimodzi, uchi umachepetsako kutsokomola kusiyana ndi kusapereka kanthu.

Choopsa chachikulu chili pa makanda

Pamwambo wa jatakarma, womwe mabanja ena achihindu amachita mwana akangobadwa, khanda limanyambititsidwa uchi ndi ghee. Apa ndi pomwe mwambo ukusemphana ndi umboni wa zachipatala. Mu uchi mumatha kupezeka njere za bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum. Kwa munthu wamkulu njerezi zimangodutsa, koma m'matumbo a khanda zimamera n'kutulutsa poizoni wofoola minofu. Mwana amayamba kudzimbidwa, kuyamwa mofooka, kulira motsika mawu ndi kulefuka khosi, ndipo mapeto ake amatha kulephera kupuma. Kuwiritsa uchi sikupha njerezi. N'chifukwa chake mwana wosakwana miyezi 12 sayenera kupatsidwa uchi, ngakhale kadontho. Bungwe la WHO limalangiza kuti khanda liyamwe ola limodzi lisanathe chibadwire, ndipo liyamwe mwakathithi kwa miyezi 6.

Vuto lina ndi uchi wachinyengo. Mu 2020 bungwe la Centre for Science and Environment la ku New Delhi linayeza uchi wa makampani 13, ndipo wa makampani 10 unalephera mayeso ofufuza manyuchi a shuga othiramo. Uchi wotere sungayembekezeke kugwira ntchito ngati uchi weniweni.

Zoti ogwira ntchito zaumoyo akumbukire

Pocheza ndi mayi wa khanda, ndi bwino kufunsa mwaulemu ngati mwana wapatsidwa china chilichonse kupatula bere, n'kufotokoza kuopsa kwa uchi popanda kunyoza mwambo wa banjalo.

Mwana wopitirira chaka yemwe ali ndi chifuwa cha chimfine akhoza kupatsidwa theka la supuni yaing'ono kapena supuni imodzi asanagone. Koma ngati akupuma mothamanga, nthiti zikulowa m'kati popuma, kapena watsokomola kwa masabata awiri, atumizidwe kuchipatala kuti akamuyeze chibayo kapena chifuwa chachikulu.

Chilonda chamoto chiyambe chathiridwa madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20. Chikakhala chachikulu, chozama, kapena chili kumaso, m'manja kapena kumaliseche, wodwala apite kuchipatala msanga. Uchi womwe umagulitsidwa ngati mankhwala a mabala umakhala woti tizilombo taphedwa ndi cheza cha gamma. Wapamsika sukhala choncho.

Odwala matenda a shuga adziwe kuti uchi umakweza shuga m'magazi, ndipo sulowa m'malo mwa mankhwala omwe analandira kuchipatala.