Ojambula alipo ku Dambe, nanga osunga?

Pa Kapiri, m'dera la Mfumu Dambe ku Mchinji, pafupifupi khoma lililonse la golosale ladutsapo dzanja la wojambula: apa botolo la mafuta ophikira, apo mitu ya anyamata yometedwa mosiyanasiyana. Anthu amangoti "aja olemba zikwangwani". Ambiri anaphunzira pogwirira mmisiri wamkulu makwerero ndi kumutsukira maburashi m'parafini, mpaka tsiku lomwe anauzidwa kuti amalize okha chilembo chotsala.

Ntchito yawo imayenda ndi fodya, mtedza ndi soya. Alimi akagulitsa, mashopu amapakidwa penti ndipo ngolo zimalembedwa mawu kumbuyo. Ikafika Januwale burashi imauma, mmisiri ali m'munda ngati wina aliyense. Masiku ano zikwangwani zosindikizidwa pa kompyuta zawalanda maoda ambiri, ndipo zimandiwawa, chifukwa chosindikiza sichidziwa nkhope ya mwini shopu.

Palinso amayi amene amazira nyumba ndi dothi lofiira, lakuda ndi loyera, n'kujambula maluwa m'mbali mwa khomo. Salipidwa, ndipo palibe amawatchula kuti aluso. Mvula yoyamba ikamenya khoma, zonse zapita. Komatu pa malo 127 a ku Chongoni ku Dedza, amene UNESCO inawazindikira mu 2006, zithunzi zambiri zoyera za pamiyala zikukhudza chinamwali, ntchito ya amayi ngati omwewa.

Amene akusowa kuno ndi wosunga: munthu wosankha chithunzi, kufunsa amene anachijambula, kulemba chaka ndi tanthauzo, kuchiteteza ku chiswe ndi chinyontho, kenako kuchiika pamene anthu angachione. Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anapatsidwa mfunda wa Chisale, anagwira ntchito ziwiri zonsezi, yojambula ndi yosunga. Anafika m'Malawi mu 1967, nakhazikitsa Kungoni ku Mua mu 1976, komwe osema ndi ojambula ambiri anaphunzirira. Pa makoma a Chamare Museum ku Mua komweko anajambula mbiri ya malowo, ndipo mkati muli nkhope za Gule Wamkulu mazanamazana. Ntchitoyi ndi yofuna mtima wofatsa, pakuti za kudambwe sizionetsedwa chisawawa. Wosunga weniweni amayamba wakhala pansi ndi eni mzinda.

Ku Australia anakumana nazo zomwezi. Mu 1971 mphunzitsi Geoffrey Bardon analimbikitsa akuluakulu a ku Papunya kuti zomwe ankajambula pamchenga ndi pathupi aziike pakhoma la sukulu ndi pamatabwa. Mu 1972 akuluakuluwo anayambitsa kampani yawoyawo, Papunya Tula. Panabuka madandaulo kuti zinsinsi zina zaululika, ndipo ojambulawo anayamba kuziphimba ndi timadontho.

Ku Dambe sitikufunika kuyamba ndi nyumba yaikulu. Chipinda chimodzi pasukulu, mphunzitsi wokhala ndi foni ndi kope, woyenda m'midzi mu Okutobala mvula isanagwe, kujambula makoma aja ndi kulemba mayina a amayi amene anawazira.