Nthenda ya Mudzi: Mankhwala Oyamba Ali M'mbale Mwathu

Inu a ku Njakwa, kumene mtsinje wa South Rukuru umapyola pakati pa mapiri pochoka ku Nkhamanga kutsikira ku chigwa cha Henga, lero tikambirane za nthenda imene ambiri amavutika nayo mwakachetechete. Nthendayi ndi ija timaitchula kuti mudzi. Bambo amatha kudwala zaka zingapo osauza ndi mkazi wake yemwe, mai nayenso amangopirira, onsewo chifukwa cha manyazi. Koma akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsono ife tilankhule mwaulemu, komabe mosabisa mau.

Kodi mudzi nchiyani? Kumathero kwa matumbo, m'kati mwa njira yotulukira chimbudzi, munthu aliyense ali ndi timinofu tofeŵa todzaza ndi mitsempha ya magazi. Timinofuti timabadwa nato, ndipo ntchito yake nkuthandiza kutseka njirayo kuti mpweya ndi chimbudzi zisamatuluke pa nthaŵi yosayenera. Dokotala wa ku England, W. H. F. Thomson, adazifotokoza bwino zimenezi mu 1975. Timinofuti tikapanikizidwa kaŵirikaŵiri, mitsempha yake imatupa, tomwe timalobodoka nkuyamba kutsetserekera kunsi. Pamenepo ndiye timati munthu ali ndi mudzi.

Mudzi ulipo wa mitundu iŵiri. Wam'kati nthaŵi zambiri suŵaŵa, koma umatulutsa magazi ofiira kwambiri amene amadontha munthu akangotha kuchita chimbudzi. Madokotala amaugaŵa m'magawo 4. Pa gawo loyamba umangotulutsa magazi osaonekera kunja. Pa lachiŵiri umatuluka pochita chimbudzi nkubwerera wokha. Pa lachitatu umabwerera pokhapokha munthu ataukankha ndi chala. Pa lachinai umakhaliratu kunja. Mudzi wakunja umakhala pansi pa khungu la pakhomo penipeni pa njirayo. Umayabwa, ndipo magazi akaundana m'kati mwake pamatuluka kachotupa kolimba koŵaŵa zedi, kotero kuti munthu amalephera ndi kukhala pansi komwe. Ululu umenewu umakula pa masiku aŵiri kapena atatu oyamba, kenaka umayamba kuchepa.

Tinene poyera kuti mudzi sudza ndi ufiti, si chilango cha chiwerewere, ndipo sungapatsirane m'banja. Gwero lake lalikulu ndi kudzimbidwa. Chimbudzi chikauma, munthu amachima mwamphamvu ndi kukhalitsa m'chimbudzi, ndiye mitsempha ija imafufuma ngati chubu cha njinga chopopedwa mopitirira muyeso. Kutsekula m'mimba kwa masiku ambiri kumachitanso chimodzimodzi. Amai oyembekezera amavutika kwambiri, poti mwana amatsamira mitsempha ya m'chiuno, matumbo amagwira ntchito mwaulesi, ndipo pobereka amachima kolimba. Ukalamba ndi kunenepa kwambiri zimawonjezera vutoli. Kuno kwathu tisaiŵalenso alimi amene amatandala chikhalire posankha fodya, pambuyo pake nkumanyamula mabelo olemera atabanika mpweya, ndiponso madalaivala a malole a mu mseu wa M1 amene amaugwira chimbudzi mpaka akafike kumene akupita.

Nanga kudzimbidwako kumachokera kuti? Taonani zimene timachita ndi chimanga chathu. Timachikonola, timachiviika, timachisinja mpaka ufa utayera mbee, ndipo gaga timapatsa nkhumba ndi nkhuku. Chonsecho m'gaga ameneyo, m'makoko a nyemba ndi m'masamba, ndimo muli zinthu zokhakhala zimene madokotala amazitcha faiba. Faibayo sagayika m'mimba. Amasunga madzi, nachititsa kuti chimbudzi chikhale chochuluka ndi chofeŵa, chotuluka popanda nkhondo. Dokotala Denis Burkitt, amene adayamba kugwira ntchito ku Uganda mu 1946, adalemba mu 1972 kuti mudzi unali wofala pakati pa anthu a ku Ulaya odya zakudya zoyeretsedwa, pomwe kwa anthu a m'midzi ya mu Afrika, odya zakudya zagaga, sunkaoneka kwambiri. Mu 2005 bungwe la Cochrane lidasonkhanitsa zimene ofufuza adapeza, ndipo zidaonetsa kuti kuwonjezera faiba kumachepetsa kutaya magazi kwa odwala mudzi ndi pafupifupi theka. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, lidalangiza mu 2023 kuti munthu wamkulu azidya faiba wosachepera magalamu 25, ndiponso masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400, tsiku lililonse.

Nchifukwa chake tikuti mankhwala oyamba ali m'mbale mwathu. Choyamba, tibwerere ku mgaiwa. Amene sadauzoloŵere ayambe ndi phala la m'maŵa, kapena asakanize mgaiwa ndi ufa woyera, kuwonjezera pang'onopang'ono kuti m'mimba musadzaze mpweya. Chachiŵiri, pa nsima pasamasoŵe nkhwani, bonongwe, chisoso, khwanya, mpiru kapena therere, ndipo masambawo akhale ochuluka, osati ongolaŵa chabe. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama tizidya ndi makoko ake, mbatata nayonso tiitsuke bwino nkuiphika yosasenda. Mapapaya, mango, nthochi zakupsa ndi malalanje si zakudya za ana okha ai. Chachitatu, timwe madzi, makapu 6 mpaka 8 pa tsiku, ndi kupitirirapo m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Faiba wopanda madzi amalimbitsa chimbudzi m'malo mochifeŵetsa. Moŵa sungaloŵe m'malo mwa madzi, poti umaumitsa thupi.

Chachinai, tisamale kachitidwe kathu. Thupi likaitana, tipite nthaŵi yomweyo. Tisachime, ndipo ngati mphindi 5 zatha popanda kanthu, tidzuke, tidzabwerenso. Achinyamata amene amaloŵa m'chimbudzi ndi foni m'manja amve bwino mau ameneŵa. Kunjuta monga timachitira m'zimbudzi zokumba kumathandiza kuwongola njira. Amene ali ndi chimbudzi chokhalira aike mapazi pa kampando kakafupi. Zitsononkho, masamba okhakhala ndi nyuzipepala zimanyula malo otupa kale. Nkwabwino kudzitsuka ndi madzi, kudzipukuta mofatsa ndi kansalu koyera, pambuyo pake nkusamba m'manja ndi sopo. Wogwira ntchito chokhala azidzuka nkuwongola miyendo ola lililonse.

Tsono kwa amene mudzi wavuta kale, nazi zochita pakhomo. Thirani madzi ofunda, osati otentha, m'beseni lotsuka bwino, mukhalemo mphindi 10 mpaka 15, kaŵiri kapena katatu pa tsiku, makamaka mukachoka ku chimbudzi. Madziwo amamasula mnofu wotseka njira, ndipo ululu umachepa. Pa chotupa chakunja ikanipo kansalu konyika m'madzi ozizira a mumtsuko. Mudzi umene watuluka muubweze pang'onopang'ono ndi chala chosamba bwino chodzola Vaseline, koma ukakana musaukakamize. Panado amathandiza pa ululu. Aspirin ndi ibuprofen angathe kuwonjezera kutaya magazi, ndipo mankhwala okhala ndi codeine amadzimbitsa. Mankhwala odzola ndi oika kunsi amene amagulitsidwa ku sitolo za mankhwala amaziziritsa kuyabwa, komabe asapitirire masiku 7 popanda uphungu wa achipatala. Amai oyembekezera asaleke mapiritsi owonjezera magazi ngakhale amalimbitsa chimbudzi. Iwo achulukitse madzi ndi zipatso, nakafotokoze vuto lao ku sikelo. Kaŵirikaŵiri mudzi wa pa mimba umachepa wokha mai akachira.

Pali zinthu zimene tikupemphani kuti musachite konse. Musalole munthu wina aliyense kudula chotupacho ndi lezala kapena kuchimanga ndi ulusi kumudzi. Pamalopo pali mitsempha yambiri, munthu angathe kutaya magazi oopsa, bala lingathe kuola, ndipo mnofu wotseka njira ukaonongeka munthu amadziipitsira moyo wake wonse. Musaikepo tsabola, palafini, phulusa kapena zitsamba zotentha. Zimenezi zimangowotcha khungu, nthenda ili chikhalire.

Mau aakulu koposa ndi aŵa: si magazi onse otuluka kunsi amene ali a mudzi. Kamwazi, likodzo la m'matumbo, ming'alu ya pakhomo pa njirayo, zilonda za m'mimba ndi khansa ya m'matumbo, zonsezi zimatulutsanso magazi. Munthu amene waona magazi koyamba apite akapimidwe, makamaka ngati wapitirira zaka 40. Apite msanga ngati magaziwo ali akuda kapena osakanikira ndi chimbudzi, ngati chimbudzi chada bii ngati phula, ngati akuwonda, akuchita chizungulire, zikhatho zayera, thupi likutentha, pakutuluka mafinya, kapena kachitidwe ka chimbudzi kasintha kwa masabata angapo. Apitenso ngati zapakhomo zija waziyesa sabata yathunthu popanda kusintha. Khansa yopezeka msanga imachizika, koma yobisidwa pansi pa dzina la mudzi imapha. Za ana tidziŵe izi: mwana wamng'ono akatuluka mudzi, kaŵirikaŵiri amakhala matumbo enieni amene atsetsereka chifukwa cha kutsekula m'mimba, njoka za m'mimba kapena kunyentchera. Ameneyo afunika chipatala tsiku lomwelo.

Inu a ku Njakwa muli ndi mwai, poti chipatala cha boma cha Rumphi chili pafupi, ndipo zimene zakanika kumeneko amazitumiza ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Kupimako kumatha mphindi zoŵerengeka, ndipo wodwala ali ndi ufulu wopempha kuti pakhale wina womuperekeza. Odwala ambiri amachira ndi chakudya, madzi ndi mankhwala ofeŵetsa chimbudzi basi. Ena madokotala amaŵamanga mudziwo ndi kamphira kakang'ono kuti ufote nkuthothoka wokha, njira imene dokotala Barron adaifalitsa mu 1963. Mudzi waukulu amauchotsa pa opaleshoni, motsata njira imene Milligan ndi Morgan adaifotokoza mu 1937 ku chipatala cha St Mark's ku London, wodwala atapatsidwa mankhwala oletsa kumva kuŵaŵa.

Inu makolo, ndi inu akatekisiti amene mumayendera odwala m'midzi, anthu amakuuzani zimene sangauze wina. Mukamva za nthendayi musaseke, ndipo musaiulule kwa ena. Mufunseni wodwalayo zimene amadya ndi madzi amene amamwa, mumfunsenso ngati adapimitsa magazi akutulukawo. Akakhala kuti sadapimitse, mumlimbitse mtima, ndipo ngati nkotheka mumperekeze ku chipatala. Amuna ndi akazi apabanja aziuzana zoterezi, pakuti amene akupita ku chigayo ndi amene akutsira ufa mu mphika ayenera kudziŵa chifukwa chake nsima ya mgaiwa ikufunika pakhomopo.