PETULO AMENE ANAIMITSA NDEGE ZA KU AUSTRALIA

M'mwezi wa January 2000 Boma la Australia linalamula kuti ndege zing'onozing'ono pafupifupi 5,000 zisauluke kufikira zitatsukidwa, cifukwa petulo amene zinamwa anali ndi cirema.

Ndege za mtundu uwu ziri ndi injini za mapisitoni zonga za galimoto, ndipo zimamwa petulo wapadera wochedwa avgas. Mdani wace wodziwika ndiye madzi. Madziwo amalowa m'thanki ya m'phiko pamene mvula ipeza cotsekera cakutha, kapena pamene cinyontho ca m'thanki yosadzaza cizizira usiku ndi kusanduka mame. Popeza madzi alemera koposa petulo, amatsikira pansi, kumene kuli paipi yopita ku injini. Ncifukwa cace woyendetsa ndege ali yense amaphunzitsidwa kukhetsera mafuta pang'ono m'kabotolo koonekera asananyamuke, kuti aone ngati pansi pace pali madontho. Akanyozera, injini ikhoza kulira bwino pabwalo ndi kuzima ndege itangonyamuka, nthawi imene iri pafupi ndi nthaka ndipo ilibe mpata wakubwerera.

Koma ku Australia kabotoloko sikadathandiza. Petulo uja anacokera ku fakitale yoyenga mafuta ya kampani ya Mobil ku Altona, mu mzinda wa Melbourne, kumene anali kuthira mankhwala ochedwa ethylene diamine kuti asidi asadye zitsulo za fakitaleyo. Mankhwalawo anayenera kutsalira komweko. Koma cakumapeto kwa 1999, nchito yoyenga itasokonezeka, ena anatuluka pamodzi ndi petulo. Anali ocepa ndithu, ndipo mayeso a masiku onse sanali kufufuza cinthu cotere, kotero kuti mafutawo anagulitsidwa monga abwino. Atalowa m'ndege anayamba kudya zipangizo za mkuwa, natulutsa phula lakuda lomata limene linatseka masefa ndi tinjira ta mafuta. M'mwezi wa December injini zinayamba kufooka.

Palibe munthu anafa, ndipo umenewu unali mwai waukuru. Koma sukulu zophunzitsa kuulutsa ndege zinaima, ndege zopopera mankhwala m'minda zinakhala pansi, ndiponso anthu a kumidzi yakutali, amene m'dziko lalikuru lija amadalira ndege monga ena adalira basi, anasowa coyendera. Codabwitsa ncakuti mankhwalawo amasungunuka m'madzi, ndipo amisiri anatsuka matanki ndi madzi omwewo amene woyendetsa ndege amawaopa masiku onse.

Mu 2001 bungwe la Boma lofufuza ngozi, Australian Transport Safety Bureau, linatulutsa lipoti lace. Linapeza kuti a fakitale sanalingalire mokwanira zimene zingacitike mankhwalawo akapyola malire ao. Linapezanso cina cimene ciyenera kukhudza onse ogwira nchito ya Boma: maofesi okhudzidwa ndi nkhani ya mafuta analipo angapo, koma sikunali kodziwika bwino kuti udindo woyang'anira ubwino wa petulo wa ndege uli m'manja mwa yani. Injini, mapiko ndi oyendetsa ndege zinali ndi malamulo ao okhwima, pamene mafuta olowa m'injinimo anasiyidwa kwa ogulitsa kuti adziyese okha.