Sitima yoyenda pansi pa madzi yopangidwa pakhomo

Sitima yoyenda pansi pa madzi yopangidwa pakhomo ndi kasitima kamene munthu wamba amapanga yekha, osati fakitale kapena gulu la asilikali, kuti amire nako m'madzi n'kubwereranso pamwamba. Pa Chingerezi sitima zomira chonchi amazitcha submarine. Kawirikawiri kamanyamula munthu mmodzi kapena awiri ndipo kamayendera mabatire. Ambiri oyesa ntchitoyi amayamba ndi chinthu chimene chilipo kale, monga thanki yachitsulo ya gasi, chipaipi chachikulu kapena migolo ya mafuta. Vuto lalikulu lagona pomwepo: thanki anaipanga kuti izipirira mphamvu yochokera mkati, pomwe pansi pa madzi mphamvu imachokera kunja.

Kumira ndi kuyandama

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Chinthu chotsekedwa bwino chimayandama ngati chili chopepuka kuposa madzi amene angadzaze malo ake. Mgolo wa malita 200 wopanda kanthu umalemera makilogalamu pafupifupi 20 okha, n'chifukwa chake sumira. Kuti umire uyenera kulemera makilogalamu oposa 200. Chimodzimodzinso thanki ya malita 1,000, yoti munthu n'kukhalamo mopanikizika, iyenera kulemera tani yathunthu. Opanga amawonjezera zitsulo zolemera kunsi kwake, ndipo zina amazikolowekera kunja m'njira yoti woyendetsa atha kuzimasula ali mkati zinthu zikavuta.

M'mbali mwa chipinda cha munthu mumakhala mathanki ena ang'onoang'ono. Akalowetsamo madzi sitima imamira, ndipo akatulutsa madziwo ndi mpweya wopanikizidwa imakwera.

Chifukwa chimene thanki wamba imalepherera

Mamita 10 alionse amene sitima yatsika, madzi amawonjezera kulemera kwa kilogalamu imodzi pa kamalo kotalika sentimita imodzi mulitali ndi mulifupi. Chiwerengerochi chikuoneka chochepa, koma pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi chimakwana matani 10. Pa mamita 30 ndi matani 30. Nyanja ya Malawi, pamalo pake pozama kwambiri, imafika mamita pafupifupi 700.

Chitini cha zakumwa chimasonyeza bwino zimene zimachitika. Chisanatsegulidwe chimakhala cholimba chifukwa mpweya wa mkati umachikankhira kunja, ndipo chitsulo chikamakokedwa chonchi chimapirira kwambiri ngakhale chikhale chopyapyala. Chikakhala chopanda kanthu, mwana amachifinya ndi dzanja limodzi. Thanki yomizidwa m'madzi imafanana ndi chitini chachiwirichi. Sichita kuyamba yadontha kuti munthu achenjere, koma imangopindikira mkati kamodzin'kamodzi, kuyambira pamene panabonyoka kale, pamene panadyeka ndi dzimbiri kapena pamene sipanazungulire bwino.

Pofuna kupewa zimenezi, akatswiri amagwiritsa ntchito chitsulo chochindikala n'kuwotchereramo mphete zachitsulo motalikirana mofanana, ngati nthiti. Mpira ndiye mpangidwe wolimba kuposa yonse, ndipo chotsatira ndi paipi yotsekedwa ndi zivundikiro zobulungira. Mgolo wa mafuta uli ndi zivundikiro zafulati komanso malata opyapyala, motero ndi wofooka pawiri. Bowo lililonse limene laboledwa, kaya la zenera, la chitseko kapena la waya, limachepetsa mphamvu ya thanki ndipo limafuna kulimbitsidwa palokha. Sitima ikatha, opanga odziwa ntchito amayamba aitsitsa pa chingwe yopanda munthu, kupitirira kuzama kumene akufuna kumafika.

Ngozi ina imabwera madzi asanakhudzidwe n'komwe. Thanki imene munali gasi kapena petulo itha kuphulika mmisiri akayamba kuidula kapena kuiwotcherera, ngakhale ikuoneka kuti mulibe kanthu.

Brandtaucher

Chitsanzo chodziwika bwino chinachitika ku Kiel, m'dziko la Germany. Msilikali wina, Wilhelm Bauer, anakonza mapulani a sitima yotchedwa Brandtaucher, koma chifukwa cha kuchepa kwa ndalama inamangidwa ndi zitsulo zopyapyala kusiyana ndi zimene iye anafuna. Pa 1 February 1851, akuiyesa, inapendekeka n'kumira mpaka pansi, makoma ake atapindikira mkati. Bauer ndi anzake awiri sakanatha kutsegula chitseko, pakuti ngakhale pa mamita 10 okha, chitseko chozungulira cha masentimita 50 chimakanikizidwa ndi matani pafupifupi awiri. Anadikira maola angapo madzi akulowa pang'onopang'ono, mpaka mpweya wotsala mkati unapanikizika mofanana ndi madzi akunja. Apo chitseko chinatheka, ndipo onse atatu anapulumuka. Sitimayi inavuulidwa patapita zaka ndipo lero ili m'nyumba yosungiramo mbiri ya asilikali ku Dresden.

Mpweya wopuma

M'chipinda chotsekedwa, chimene chimayamba kuvutitsa munthu nthawi zambiri si kutha kwa okosijeni, koma kuchuluka kwa mpweya woipa umene iye akutulutsa popuma. Umayambitsa mutu, kenako kusokonezeka maganizo ndi kukomoka, ndipo munthu wosokonezeka satha kutsegula mavavu oti akwere. Sitima zopangidwa bwino zimakhala ndi botolo la okosijeni, mankhwala otchedwa soda lime oyamwa mpweya woipawo, ndiponso zoyezera. Mabatire onga a galimoto amatulutsanso haidrojeni akamatchajidwa, yemwe amayaka ndi kamoto kochepa chabe.

Opanga a masiku ano

George Kittredge, yemwe anali mkulu woyendetsa sitima zankhondo za pansi pa madzi za United States, atapuma ntchito anayamba kupanga tisitima totere ku Maine ndi kugulitsa mapulani ake. K-250 anaikonzera kuzama kwa mafiti 250, omwe ndi mamita 76, ndipo K-350 mamita pafupifupi 107. Anthu ambiri omanga okha amatsatira mapulani amenewa m'malo mongodalira thanki imene aipeza. Ku China, Tao Xiangli anapanga yake ndi migolo yakale ya mafuta kwa zaka ziwiri, n'kuiyesa pafupi ndi Beijing mu 2009, koma inali ya madzi osaya. Ndalama zambiri nazonso sizitsimikizira chitetezo. Sitima ya Titan, ya kampani ya OceanGate, imene sinayesedwe ndi bungwe loona za chitetezo cha sitima, inaphwanyikira mkati pa 18 June 2023 ikupita kukaona mabwinja a Titanic, ndipo anthu asanu anafa.

M'chigwa cha Shire

Kwa Mlolo m'boma la Nsanje, kum'mawa kwa Shire pafupi ndi pamene Ruo amathira, sitima yotere siingakhale ndi ntchito. Madzi ndi osaya komanso amatope moti pa zenera sipangaoneke kanthu, ndipo milu ya mchenga ndi namasupuni zitha kuikola. Chimene derali limasowa ndi chombo choyandama bwino, monga zinaonekera pa kusefukira kwa madzi kwa mu January 2015 ndi pa namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene midzi yambiri inkafikirika pa bwato kapena pa helikopita basi.

Mtsinjewu unaonetsapo kale kufooka kwa chitsulo chopyapyala. Ma Robert, sitima yamoto ya David Livingstone imene inakwera Shire mu 1859 kudutsa m'dambo la Elephant Marsh, inali ya zitsulo zopyapyala kwambiri. Dzimbiri linaiboola timabowo tambirimbiri, anthu ake ankangokhalira kupopa madzi, ndipo inamira mu Zambezi mu December 1860.