Dothi la pamalinga akale likukokoloka ndi mbiri yomwe

Mapiri a Chikala, kumwera chakumadzulo kwa nyanja ya Chiuta, sanali tchire chabe. Mfumu Kawinga ya Chiyao inali ndi linga lake kumeneko mpaka 1895, pomwe asilikali a boma la atsamunda anaigonjetsa. Chaka chomwecho anakweranso phiri la Mangochi, kufupi ndi Namwera, n'kuthamangitsa Mfumu Jalasi, yomwe inawapirikitsa mu 1892. Kenaka anamangapo linga lawo, Fort Mangochi, lomwe pambuyo pake linasanduka ndende.

N'chifukwa chiyani wogonjetsa amamanga pomwe panali wogonja? Phiri silisintha. Mdani umamuonera patali, ndipo njira zokwerera n'zochepa. Ku England zinateronso: pa Old Sarum anthu anakumba ngalande ndi kuunda dothi cha m'ma 400 Yesu asanabadwe, ndipo cha m'ma 1070 William the Conqueror anamanga linga lake mkati mwa mpanda womwewo.

Chondidandaulitsa n'chakuti maso athu amathamangira makoma a atsamunda, poti ndiwo aima poonekera. Mudzi wa makolo uli pansi pa phazi. Nyumba ya mitengo ndi dothi ikagwa imasiya kachulu kakang'ono. Ngalande ikakwiririka, dothi lake limakhala lodera ndipo limasunga chinyontho, moti udzu wa pamenepo umachedwa kuuma mvula ikatha. Wofukula zakale amawerenga zimenezi, kuphatikizapo mapale, mphero, mikanda ndi phulusa la pamafuwa. Dothi limayalana: za pansi n'zakale, za pamwamba n'zatsopano. Pamalo akale kwambiri amayeza makala a pamoto wa makolo, chifukwa Carbon-14 yemwe ali m'makalamo amatha ndi theka pa zaka pafupifupi 5,730 zilizonse.

Chomwe chagwira zonsezi ndi mizu. Mitengo ikadulidwa, moto wolusa n'kupsereza udzu, mvula yoyamba imagwa pa dothi lambulanda. Phiri n'lotsetsereka, madzi amathamanga, ndipo mtumbira womwe unakhala zaka zoposa 100 ukhoza kuphwasuka m'madzinja ochepa chabe.

Khasu nalo limaononga mwakachetechete. Mlimi akaunda mizere pabwinja, za pansi zimabwera pamwamba, za dzulo zimasakanikirana ndi zamakedzana. Phale limene watola mwana n'kupita nalo kunyumba silingauzenso katswiri wa ku Dipatimenti ya Museums and Monuments kuti linali pa dothi liti, pafupi ndi moto wa m'badwo uti.